Galu Wamkota Sakandira Pachabe

Munthu amene angayende m'njira za ku Chilinde dzuwa lili paliwombo, m'miyezi ija ya dzinja pamene nthaka imafuka nthunzi mvula ikangokata, kuyambira kumalire a Kawale kufikira atatulukira ku Area 23, ngati ali nawo maso openya zolengedwa zimene ambiri a ife timangozilambalala, adzaona kuti agalu ambiri ogona m'mithunzi ya mipanda ali ndi makutu onyekanyeka kunsonga, ena akuchucha magazi, ena okutidwa ndi nkhanambo zakuda, ndi kuti nyamazo sizipeza tulo, pakuti zikangoti zitsamiritse chibwano pansi zimadzambatuka n'kupukusa mutu, kenaka n'kukweza mwendo wam'mbuyo kukanda pamene pakunyerenyetsa. Mukafunsa mwini galu, yankho silichedwa: “Ndi ntchentche zimenezo, achimwene, tamupaka kale oyilo.” Wina amati ndi nkhupakupa, wina amati galuyo adabadwa wotero, ndipo wina, amene mawu ake amandiwawa koposa onse, amangoti, “Ndi galu basi.” Komatu akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe, pamene galu akukanda pali chimene chikumudya, ndipo chinthucho chili ndi dzina, chili ndi kumene chimachokera, chilinso ndi mankhwala ake.

Tisanafike pa mankhwalawo, tiyambe takumbukira chimene galu ali pakhomo pathu. Kumudzi makolo athu ankamuweta chifukwa cha uzimba ndi kuingitsa anyani m'munda. Koma chiyambire pamene likulu la dziko lidachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe m'chaka cha 1975, anthu nadzaza Kawale, Biwi, Chilinde ndi madera ena pofunafuna ntchito, galu adalandira udindo wina, ndiwo ulonda wa usiku, umene amaugwira chaka ndi chaka osalandira malipiro ena koma mkute ndi mitu ya usipa. Ndipo chida chake pa ntchito imeneyo si mano ayi, pakuti agalu ambiri amakalamba osalumapo mbala. Chida chake ndi khutu. Akatswiri adayeza napeza kuti kumva kwa munthu kumalekeza pa mawu onjenjemera ka 20,000 pa sekondi imodzi, pamene kwa galu kumapitirira ka 40,000, ndipo timinofu toposa 12 timatembenuza khutu lake uku ndi uku kuti litole mtswatswa wa phazi kuseri kwa mpanda, inu muli m'tulo tofa nato. Chotero amene alekerera khutu la galu wake kuti liwole wagonthetsa mlonda wake yemwe; ndipo ngakhale phindu limenelo padakapanda, buku la Miyambo pa mutu 12 limawerengera kusamala moyo wa chiweto pakati pa zizindikiro za munthu wolungama.

Mlengi adaumba khutu la galu mosiyana ndi lathu. Lathu njira yake ndi yaifupi ndi yolunjika. La galu njira yake imayamba yatsika pansi motsata tsaya, kenaka n'kukhota kulowera mkati mwa mutu, monga akhalira kaliwo wa fodya, ndipo kumapeto kwake kuli kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera mawu akafika, kotchinganso ziwalo zanthete za mkati zimene zimathandiza nyama kumva ndi kuima chilili osadzandira. Chifukwa cha kukhota kumeneku, chilichonse cholowa m'menemo, kaya ndi madzi, kaya njere ya udzu, kaya mankhwala amene mwathira inu ndi mtima wabwino, sichituluka msanga, koma chimakhazikika pamalo ofunda, amdima ndi achinyezi, pamene diso lanu silingafike. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse imene ndifuna kuiika pamaso panu: mankhwala a pakhomo ali ndi mphamvu ndithu pa khutu lakunja, lija timaliona likugwedezeka, ndiponso pabwalo pamene galu amagona, koma ulamuliro wawo umalekeza pakamwa pa dzenje la khutu, ndipo za kupyola pamenepo n'za dokotala wa ziweto, amene ali ndi kachipangizo kounikira mpaka pa kachikopa kaja.

Mankhwala oyamba ndiwo kupenya, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani nthawi ya m'mawa, kunja kutawala, galu atadya. Wogwira ntchitoyo akhale munthu amene galuyo amamudziwa fungo ndi mawu, osati mlendo, ndiponso osati mwana. Anthu akale a ku Israyeli ankakudziwa kale kuopsa kwa kugwira galu m'makutu, kotero kuti m'buku lomwe lija la Miyambo adafanizira nako munthu wolowerera ndewu ya eni. Ndipo galu womva ululu, angakhale wofatsa chotani, angathe kuluma mbuyake. Tsono ng'ambani kansalu ku chitenje chakutha, mukulunge nako kukamwa kwake mosathinitsa ndi kumangira kunkhongo, wina amufungatire pachifuwa akumulankhula mofatsa. Pamenepo tukulani khutu, mupenye m'mphepete, mupenye m'makwinya, mupenye pakamwa pa dzenje, ndiponso mununkhize. Khutu labwino ndi louma, losalala, lopanda fungo, ndipo galu salira mukalipsinja patsinde. Chimene mwaona ndicho chikuuzeni chochita, pakuti matenda amene amayabwitsa khutu ndi angapo, ndipo mankhwala a amodzi amakulitsa ena.

Nthawi zambiri kuno ku Chilinde mudzapeza kuti vuto lili kunsonga, ndipo mwini wake ndi ntchentche. Komatu si ntchentche ija yotera pa nsima, imene imangonyambita. Pali ina yofanana nayo msinkhu ndi maonekedwe, imene akatswiri amaitcha Stomoxys, yokhala ndi mlomo wosongoka woloza kutsogolo; yaimuna ndi yaikazi yomwe imayamwa magazi, ndipo imaluma masana. Imakonda nsonga ya khutu popeza pamenepo ubweya ndi wochepa, khungu n'lopyapyala, ndipo galu sangafikepo ndi mano kapena mchira. Agalu a makutu oimirira, monga ambiri mwa agalu athu achikuda ndi aja a mtundu wa German Shepherd amene achuluka m'mipanda masiku ano, amadyedwa kunsonga kwenikweni. A makutu ogwa, monga Boerboel, amadyedwa popindikira. Ikaluma imodzi, kadontho ka magazi kamaitana zinzake. Magazi amauma n'kukhala nkhanambo, galu amakanda, nkhanambo imamatuka, bala limatseguka mwatsopano, ndipo dzinja lililonse khutu limafupikirafupikira mpaka litasanduka chibuntha. Ntchentche imeneyi siichokera kutali. Imaswana m'udzu wonyowa wovunda umene tidaunjika titalambula, m'zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi zosakanizika ndi mkodzo, m'madzala osakwirira ndi m'zinyalala zimene zatseka ngalande, ndipo nyengo ikatentha dzira lake limasanduka ntchentche youluka mwezi usanathe.

Pa vuto ili nzeru za pakhomo zimakwanira, ngati munthu ali nako kupirira. Wiritsani theka la lita la madzi, musungunulemo mchere supuni yaing'ono imodzi, muwasiye mpaka atangotsala ofunda. Viikani kansalu koyera, mukagwirizize pa nkhanambo kwa kanthawi kuti zifewe ndi kuchoka zokha, osazimatula ndi chikhadabo. Mukatero pukutani, muumitse bwino, ndipo mupake Vaseline wambiri mbali zonse ziwiri za nsongayo. Vaseline sachiza bala, koma amaika tchinga pakati pa mlomo wa ntchentche ndi khungu, napatsa thupi mpata wodzichiza lokha. N'chifukwa chake ayenera kupakidwa m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, ndiponso masana ngati wachoka. M'masitolo a mankhwala a ziweto muli mafuta opaka mabala amene ali ndi mphamvu yoingitsa ntchentche, ndipo amagwira ntchito kuposa Vaseline; koma amene ali ndi mphaka pakhomo awerenge pa botolo, pakuti mankhwala otchedwa permethrin, amene galu amawapirira, amapha amphaka.

Koma zonsezi zidzapita pachabe ngati galu akhalabe pa unyolo waufupi, padzuwa, m'mbali mwa dzala. Galu womasuka amazithawa ntchentche, amakalowa m'khitchini mwamdima kapena pansi pa galimoto. Womangidwa alibe kothawira, amangoima ndi kudyedwa. Ndikudziwa kuti pa mapoloti athu, pamene mabanja angapo alendi amagawana bwalo limodzi ndi ana oyendayenda, kumangirira galu masana n'kosapeweka. Tsono ngati n'kotero, mumangirireni pamthunzi wokhalitsa tsiku lonse, kapena mumumangire kakhola ka mdima pang'ono kopita mphepo, madzi akumwa ali pambali. Wolani ndowe zake tsiku ndi tsiku, kwirirani dzala ndi dothi kapena phulusa, yanikani udzu wolambula m'malo mouunjika. Ndipo popeza ntchentche siidziwa malire a poloti, nkhani ya ngalande ndi dzala muikambirane ndi eni nyumba ndi anzanu oyandikana nawo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tsono ndinene za oyilo wakuda wotsanulidwa m'injini, pakuti ndiye mankhwala amene afala koposa m'madera athu, chifukwa kugalaja amapezeka mwaulere, ndipo ntchentche zimathawadi tsiku limene wapakidwa. Sindikuwaweruza amene amapaka, pakuti ambiri a iwo amatero chifukwa cha chifundo, ataona nyama yawo ikuzunzika. Koma ndiwapempha ndi mtima wanga wonse kuti aleke. Oyilo amene wayenda m'injini miyezi yambiri wasenza tizitsulo tosaoneka ndi ziphe za mafuta opserera; pabala zimenezo zimalowa m'thupi, ndipo galu akakanda ndi phazi n'kunyambita phazilo, amazimeza. Amasanza, amatsekula m'mimba, khungu limatupa ndi kusupuka, ndipo bala limene likadapola m'masabata awiri limakhala mpaka chilimwe. Parafini ndi dizilo amawotcha khungu. Sipiriti pabala ndi moto weniweni. Choopsa koposa ndi mankhwala osungira chimanga monga Actellic, opopera udzudzu ndi mphemvu m'nyumba, ndi dibi wa ng'ombe wosungunula mongoyerekeza: galu amayamba kutuluka dovu, kunjenjemera ndi kugwa, ndipo akafa timathamangira kunena kuti oyandikana nawo amudyetsa chiphe cha tameki, chidani n'kuyamba pakati pa anthu osalakwa. Ngati galu wapakidwa kale zoterezi, msambitseni msanga ndi sopo ndi madzi ofunda ambiri, mosamala kuti asalowe m'dzenje la khutu ndi m'maso.

Mdani wachiwiri ndi nkhupakupa, imene imakonda makwinya a khutu lakunja ndi kuseri kwake. Alimi a ng'ombe amaidziwa bwino nkhupakupa yofiirira ya m'makutu imene imafalitsa chigodola cha ng'ombe. Ya agalu ndi mbale wake, koma iyo idazolowera moyo wa m'tauni, kotero kuti imabisala m'ming'alu ya makoma ndi m'matabwa a khola, m'mene yaikazi imodzi yokhuta magazi imaikira mazira zikwi zingapo. Kuichotsa sikufuna moto wa ndudu kapena wa machesi. Igwireni ndi kopanira, kapena ndi zala zokutidwa ndi kajumbo, pafupi penipeni ndi khungu, mukoke molunjika pang'onopang'ono osapotokola, ndipo muiponye m'kachitini ka parafini, pakuti imeneyo ndiyo ntchito yokhayo ya parafini pa nkhani ino. Musaiphwanye ndi zikhadabo. Pukutani pamalopo ndi madzi a mchere aja, mumate ming'alu ya khola, ndipo muyang'anire galuyo m'masabata otsatira, chifukwa nkhupakupa zimabweretsa matenda a m'magazi onga malungo. Akafooka nakana chakudya, usinini wake n'kuyera kapena kuchita chikasu, mkodzo n'kufiira, musagone naye usiku wina. Matenda amenewo amapha m'masiku ochepa.

Amene amaweta nkhuku adzaonanso nthawi zina timadontho takuda tondandalika m'mphepete mwa khutu, tosasuntha: ndiwo utitiri womwe uja umamatirira kuzungulira maso a nkhuku. Vaseline wokhuthala amaubanikitsa, ndipo mawa lake umapukutika. Koma gwero lake ndi khola la nkhuku, limene liyenera kusesedwa ndi zinyalala zake kutenthedwa. Chiguduli chimene galu amagonera muchiviike m'madzi otentha ndi kuchiyanika padzuwa sabata ndi sabata, chifukwa nthata zambiri sizikhala pa galu, zimakhala pogona pake.

Tafika tsopano pakamwa pa dzenje, pamene tiyenera kuponda mosamala. Kagalu kakang'ono kakamakanda makutu onse awiri kosalekeza, ndipo m'dzenje muli litsiro louma, lakuda, lofumbutuka, kawirikawiri ndi tinthata toyera tating'onoting'ono totchedwa Otodectes, timene agalu ndi amphaka amapatsirana pogona pamodzi. Mukaika pang'ono pa litsirolo pa nsalu yakuda padzuwa n'kupenyetsetsa, nthawi zina mumaona timadontho toyera tikuyenda. Pano pali mankhwala amodzi akale amene ndingawavomereze kulowa m'dzenje, ndiwo mafuta ophikira aukhondo, osakazingirapo kanthu: madontho atatu kapena anayi, kenaka kutikita patsinde pa khutu mofatsa, kumusiya galu apukuse mutu, ndi kupukuta zotulukazo ndi kansalu kokulunga pachala, kulekeza pamene chala chalekeza. Mafutawo amabanikitsa tinthata, koma mazira ake sawapha. Ndipo popeza kuchokera pa dzira kufika pa kanthata kakakulu pamapita masabata atatu, ntchitoyi iyenera kubwerezedwa pakapita masiku awiri kapena atatu alionse kwa mwezi wathunthu, pa galu ndi mphaka aliyense wa pakhomopo. Ndi njira ya munthu amene alibiretu pogwira, ndipo mankhwala a kwa dokotala amaiposa kutali. Komanso ndi yoletsedwa ngati khutu likununkha, likutuluka mafinya kapena likupweteka, chifukwa mwina kachikopa kaja kabooka kale. Nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi ndi kathonje ka pa kamtengo zisalowe m'khutu la galu, pakuti zimangokankhira litsiro kupyola pokhota paja.

Mphere nazo zimakonda kuyambira m'mphepete mwa khutu, zisanafalikire m'zigongono ndi kumimba. Ubweya umathothoka, khungu limakhuthala ndi kutuwa, ndipo kuyabwa kwake n'kosaneneka. Mukafikisa mphepete mwa khutu pakati pa zala ziwiri, mwendo wam'mbuyo n'kuyamba kupalasa wokha m'malere, muganizire za mphere. Kachilombo kake kamakumba njira pansi pa khungu, kumene Vaseline kapena madzi a mchere sangafike, ndipo kamalumphira kwa ana amene amanyamula tiagalu, nawatulutsa tizilonda toyabwa m'mikono ndi pamimba. Mankhwala ake ndi ivermectin, amene adachokera ku kachilombo ka m'dothi la ku Japan, ndipo amene adawatulukira, a Satoshi Ōmura ndi a William Campbell, adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2015. Ndi omwe aja abale athu a ku Thyolo ndi ku Mwanza akhala akulandira m'dzina la Mectizan polimbana ndi matenda oyabwitsa khungu ndi kuchititsa khungu m'maso. Koma mlingo wake umayendera kulemera kwa nyama. Botolo la ng'ombe m'manja mwa munthu wongoyerekeza lapha agalu, ndipo tiagalu tongobadwa kumene ndi agalu a mtundu wa Collie sawapirira. Jakisoni ameneyo abaye ndi mlangizi wa ziweto.

Pali tsono khutu lija limene fungo lake limakulonjerani musanaligwire: lofiira, lotentha, lonyowa, lotuluka mafinya achikasu kapena phula lamafuta. M'menemo mwaswana tizilombo ta mtundu wa yisiti kapena mabakiteriya, kawirikawiri madzi atalowa posamba kapena pamvula, makamaka mwa agalu a makutu ogwa amene mpweya suwombamo. Ena zimawabwerera chaka ndi chaka chifukwa thupi lawo limadana ndi chakudya china kapena fumbi la maluwa a udzu. Anthu ambiri amva za viniga, ndipo n'zoona kuti viniga wosakaniza ndi madzi owiritsa, muyeso wofanana, amathandiza kupukuta khutu lakunja pamene khungu lili lamafuta koma losang'ambika, popeza yisiti sakonda zowawasa; koma pabala amaluma koopsa, ndipo sayenera kutsanuliridwa m'dzenje. Galu akapendeketsa mutu mbali imodzi, akamazungulira poyenda, akamadzandira, maso ake akamagwedezeka okha, kapena akamalira potsekula kukamwa, matenda apyola kachikopa kaja, ndipo tsiku lililonse lozengereza limamuyandikizitsa ku ugonthi wosachizika. Akayamba kupukusa mutu mwadzidzidzi ndi mwamphamvu atangochoka kothamanga m'tchire, ndi njere ya udzu imene yalowa, ndipo kuitokosa kumangoimiza. Pomaliza, khutu likatupa n'kukhala lofewa ndi lolemera, ndiye kuti mtsempha waphulika chifukwa cha kupukusa mutu ndipo magazi adzaza pakati pa khungu ndi chichereechere. Kuliboola ndi lezala kapena singano kumangolowetsa matenda, magazi n'kudzazanso, ndipo kulilekerera kumalisiya lokwinyika moyo wonse.

Za zitsamba ndinene mwachidule, koma mwaulemu, pakuti makolo athu sadali opusa. Madzi owiritsira masamba a nimu, akazizira ndi kusefedwa, ndi abwino kupukutira khutu lakunja ndi kusambitsira thupi, ndipo tizilombo tina sitikonda fungo lake. Utomoni woyera wa mkati mwa tsamba la alovera umaziziritsa khungu loyabwa, koma madzi achikasu a pansi pa khungwa lake amatsekula m'mimba akanyambitidwa, choncho achotsedwe. Ombwe, umene alimi amaphera nkhupakupa pa ziweto, uli ndi chiphe chenicheni, chomwe chija chimaledzeretsa nsomba m'madzi. Usayandikire maso, mabala kapena dzenje la khutu. Madzi a adyo, a anyezi ndi a fodya, amene ena amadonthezera m'khutu, amangowotcha. Ndipo mankhwala athu a m'nyumba, Panado ndi Brufen, asapatsidwe kwa galu pofuna kuchepetsa ululu: woyambayo akachuluka amawononga chiwindi ndi magazi, winayo amaboola chifu ndi kuononga impso. Amenenso amadula makutu a galu ndi lumo kapena mpeni, poganiza kuti akhala wolusa kapena kuti ntchentche zisowa potera, adziwe kuti ukali wa galu sukhala m'makutu, kuti chibuntha chotsalacho ntchentche zimachikonda koposa, ndi kuti malamulo a dziko lino oteteza nyama amaletsa kuzizunza.

Wina adzati, “Zonsezi n'zabwino, koma ndalama ya dokotala wa galu ndiipeza kuti, ana akusowa ya sukulu?” Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. N'chifukwa chake ndakhalitsa pa mchere, Vaseline, mthunzi ndi tsache, zimene zimachiza gawo lalikulu la mavutowa popanda mtengo woboola m'thumba. Mapiritsi amakono monga NexGard, amene amateteza mwezi umodzi, ndi Bravecto, amene amafika masabata 12, amapha nkhupakupa, nthata, mphere ndi tinthata ta m'khutu nthawi imodzi, koma mtengo wake si wa aliyense. Komabe thandizo lilipo mumzinda muno kuposa kale. Alangizi a ziweto a boma, amene ambiri timangowatcha a vetenale, sadalembedwe ntchito chifukwa cha ng'ombe ndi mbuzi zokha. Ku Bwemba kuli labotale yaikulu ya boma yoyezera matenda a ziweto. Bungwe la LSPCA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2008, lili ndi chipatala cha nyama ndipo limafika m'madera ndi katemera. Ndipo sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda tsopano imaphunzitsa madokotala a ziweto a kuno kwathu, pamene kale ankakaphunzira kunja. Kufunsa kokha kulibe mtengo, ndipo safunsa adadya phula.

Chenjezo limodzi latsala, ndipo likukhudza moyo wa munthu. Si galu aliyense wopukusa mutu ndi kupalasa kumaso amene ali ndi vuto la khutu. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, wofatsa n'kulusa kapena wolusa n'kuzizira, amene akutuluka dovu, chibwano chili lende, mawu ake atasasa, akuluma mitengo ndi miyala, musamugwire kuti mumupenye m'makutu kapena m'kamwa. Mtsekereni, muchotse ana, ndipo muitane a vetenale, pakuti chingakhale chiwewe, chimene chikaonekera mwa munthu sichichizika. Wolumidwa kapena wokalidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Kawale, kaya ku Bwaila, osadikira kuti aone ngati galuyo adwale. Ku Blantyre m'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20, ndipo akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, chiwewe chimasowa podutsa. Tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi matendawa padziko lonse ndi 28 Seputembala, tsiku limene adamwalira Louis Pasteur, amene adapanga katemera woyamba wa chiwewe. Chotero mukamva kulengeza kuti obaya katemera afika pasukulu kapena pamsika wa m'dera lanu, mutengeni galu wanu pa chingwe, mukasunge chiphaso chimene akupatseni, ndipo musanachoke pamzerepo mupemphe wobayayo kuti atukule khutu lililonse, alipenye ndi kukuuzani chimene waona, dzinja lisanabwere ndi ntchentche zake.